Tifunseni: Makamera akale opukusa ndi dzanja, ndi chuma kapena ndi zitsulo basi?

Mwezi watha tinalembako pang'ono za anthu a ku Ulaya ndi ku America amene amasonkhanitsa makamera akale a kanema, aja opukusa ndi dzanja a nthawi imene filimu inali yosalankhula, nde mafunso abwera ambiri moti enanu mutikhululukire malo ndi ochepa. Tasankhapo asanu.

FUNSO: Zikomo akulu. Agogo anga aamuna anagwira ntchito zaka zambiri kwa mzungu wina pa esiteti ya tiyi ndipo mmene mzunguyo amabwerera kwawo anawasiyira katundu, mwa katunduyo muli kamera yachitsulo yakuda yolemerako ndithu, pambali ili ndi kahandulo ukapukusa kenako nkudina batani imalira yokha trrrr mpaka kusiya. Pali munthu akundivutitsa kuti ndimugulitse, wina akuti ndisayerekeze muli mekyule wofiira ndi mamiliyoni amenewo. Kodi ndi ija munkanena ija? Wowerenga wa ku Luchenza

YANKHO: Achimwene, tiyambe ndi mekyule wofiirayo achoke m'njira. Chinthu chimenecho kulibe. Mphekesera yomweyi inavutapo pa nsimbi zamakala, pa makina osokera akale, pa ndalama zachitsulo za Ajeremani, anthu kumaphwanya katundu wabwinobwino wa makolo awo kusaka timadzi tofiira timene palibe anationapo. Mukaiphwanya kamerayo mupezamo magiya, sipuling'i ndi girizi wouma, basi.

Tsono mmene mwafotokozeramo, yanuyo si ija osonkhanitsa amaithamangira kwambiri. Mwanena nokha kuti mukapukusa nkudina batani imalira yokha, nde kuti mkati muli sipuling'i, kupukusa kwanuko mukungoikunga. Yopukusa yeniyeni ilibe sipuling'i, ilibe mota, ilibe batire, dzanja likaima filimu nayo yaima pomwepo. Za sipuling'izi zinayamba kuchuluka m'ma 1920, Filmo ya Bell & Howell inatuluka mu 1923, Bolex H16 ya ku Switzerland mu 1935, ndipo zinapangidwa zambirimbiri chifukwa ndi zimene anthu andalama ankajambulira mabanja awo ndi maulendo awo. Filimu yake ndi ya 16mm kapena 8mm, kutanthauza mulifupi mwake. Ngakhale mafilimu ophunzitsa amene gulu la Bantu Educational Kinema Experiment linkazungulira nawo pakati pa 1935 ndi 1937, mpaka kufika nawo kuno ku Nyasaland, anali a 16mm omwewa. Nde kupeza kamera ya mtundu umenewu m'nyumba ya munthu amene anagwirapo ntchito pa esiteti kapena ku mishoni sizodabwitsa.

Musakhumudwe koma. Ngati ili Bolex ndipo ikuyenda bwino ili ndi msika wake, ophunzira za mafilimu kunja amaigwiritsabe ntchito mpaka pano, ndi madola mazana angapo ndipo nthawi zina lenzi yokha imaposa thupi la kamera mtengo. Ngati ndi kaja kakang'ono ka 8mm ndalama yake ndi yochepa kwambiri, bola kungokasunga pa kabati. Werengani dzina ndi nambala zimene zalembedwa pa thupi ndi kutsogolo kwa lenzi, fufuzani pa intaneti mitengo imene zinagulidwa osati imene anthu akungotchula, ndipo amene akukuvutitsaniyo muuzeni adikire. Munthu akamathamangitsa malonda chonchi nthawi zambiri iye mtengo akuudziwa kale, inu ndi amene simukuudziwa.

FUNSO: Ndine mtsikana ndikuphunzira za utolankhani. Chomwe sindimvetsa ndi choti chifukwa chani amapukusa ndi dzanja, magetsi kunalibe? Komanso bwanji m'mafilimu akale aja anthu amayenda mothamanga ngati akuthamangitsidwa, inali fasho kapena? Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Chemwali, funso lanu ndalikonda chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Magetsi analipo. Kamera ya Thomas Edison, imene anaipanga ndi W.K.L. Dickson ku New Jersey kumayambiriro kwa ma 1890, inkayendera mota ya magetsi, koma inali chimphona cholemera moti ojambulidwa ndi amene ankailondola ku situdiyo, iyo osasuntha. Kenako kunabwera abale awiri a ku Lyon ku France, Auguste ndi Louis Lumière, mu February 1895 analembetsa makina awo otchedwa Cinématographe, kabokosi kathabwa kakuti munthu mmodzi nkunyamula, kopukusa ndi dzanja, ndipo kabokosi komweko kanali kamera, kanali kosindikizira filimu, ukakaikira nyali kumbuyo kanali pulojekita. Pa 28 December 1895 anaonetsa mafilimu awo m'chipinda cha pansi ku Grand Café ku Paris, olipira anali anthu 33 okha, franc imodzi aliyense. Pasanathe zaka ziwiri anyamata awo anali atafika ndi timabokosi timeneti ku Russia, ku Mexico, ku Japan, ku Egypt. Ndi mota ya magetsi sakanafika konseko. Handulo ndi imene inatulutsa kanema panja.

Mkati zimayenda chonchi. Filimu siiyenda mosalekeza ayi, imayenda nkuima, kuyenda nkuima. Pali kambedza kamene kamalowa m'timabowo ta m'mbali mwa filimu, kamaikokera pansi chithunzi chimodzi, nkutuluka, nkukwera kukatenga china, ndipo nthawi imene filimu ikuyendayo shata yatseka kuwala, ikaima shata yatsegula. Ngati munaonapo makina osokera aja a agogo opukusa ndi dzanja mmene timano tapansi timakankhira nsalu pang'onopang'ono singano ikakwera, ndi nzeru yomweyo. Kupukusa kamodzi ndi zithunzi 8, nde wojambula ankapukusa kawiri pa sekondi kuti zikwane 16. Filimu ya Lumière inali mamita 17 okha, yosakwana ndi mphindi imodzi yomwe. Makamera a m'situdiyo amene anabwera pambuyo ankanyamula mamita 120, omwe ndi mphindi 6 ndi theka kapena kuposa pang'ono, ndipo kuti ithe yonseyo dzanja lapukusa ka 800 mosaphonya. Tayesani kuzunguza dzanja kawiri pa sekondi kwa mphindi imodzi yokha osafulumira osachedwa, uku mkono winawo ukutembenuza kamera kulondola munthu, muona kuti inali ntchito ya luso. Ena ankang'ung'udza nyimbo ya asilikali chamumtima kuti dzanja lisasokonekere.

Za kuthamanga kuja, anthu akale ankayenda ngati ife tomwe. Vuto linabwera ndi mawu. Mafilimu olankhula atayamba mu 1927 panafunika liwiro limodzi losasintha, apo ayi mawu azimveka ngati munthu waledzera, nde anakhazikitsa zithunzi 24 pa sekondi ndipo dzanja la munthu linaluza ntchito, mota inatenga malo. Tsono mukatenga filimu yojambulidwa pa 16 nkuionetsa pa 24, kapena pa 25 ya pa TV, chilichonse chimathamanga ndi theka lina pamwamba. Koma si zonse zinali ngozi ayi. Ojambula a nthabwala ankachita dala kupukusa pang'onopang'ono kuti pokaonetsa apolisi othamangitsa munthu aoneke ngati ali ndi mapiko, akafuna kuti chinthu chioneke chikugwa mwaulemu ankapukusa mofulumira. Makamera ambiri analinso ndi kabowo kena kolowetsa handulo koti kupukusa kamodzi ndi chithunzi chimodzi, kameneko nde ka makatuni ndi matsenga a zinthu zoyenda zokha. Zimene lero mumadina pa foni kale zinali m'mkono mwa munthu.

FUNSO: Bho akulu. Ndili ku Joni kuno ndimagwira ntchito pafupi ndi mashopu ogulitsa zinthu zakale, pali bokosi lathabwa lili ndi handulo ndi miyendo itatu, mwini shopu akuti ndi ya 1910 ndipo mtengo wake siwoopsa kwenikweni. Ndikuganiza zogula ndiipake vanishi ndi polishi iwale bwinobwino kenako ndiigulitse pa intaneti. Ndingadziwe bwanji kuti ndi orijino? Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO: Achimwene ikani pansi vanishiyo kaye, tibwerako.

Kuti kamera yeniyeni ingapezeke ku Johannesburg nzotheka ndithu. Kanema anafika kumeneko mu 1896, Dickson yemwe uja anajambula nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi mu 1899 ndi 1900, kanema wa nkhani wa African Mirror anayamba mu 1913 ndipo situdiyo ya ku Killarney inali ikugwira ntchito kuyambira cha m'ma 1915, nde makamera anadutsamo ambiri mumzindamo. Koma dziwaninso kuti masiku ano kuli mafakitale opanga makamera abodza okongoletsera m'malesitilanti ndi m'mahotela, thabwa lonyezimira, mkuwa wowala, miyendo itatu, chilichonse chooneka chakale, ndipo amenewa ndi ochuluka kuposa enieni.

Mupempheni mwini shopu atsegule chitseko cha pambali. Yabodza mkati mumakhala mopanda kanthu, kapena muli kagudumu kamodzi kongozungulira. Yeniyeni muona njira ya filimu, magudumu a timano, kachitseko kachitsulo kosalala kamene filimu imadutsapo kuseri kwa lenzi, ndi kambedza kaja. Pukusani pang'onopang'ono, osakakamiza ikakana, nkumayang'ana ngati kambedza kakulowa nkutsika nkutuluka, nkuyang'ananso pa bowo la lenzi ngati kuwala kukuphethira. Kenako onani masikuluu. A 1910 ndi a mzere umodzi, aja a mtanda anayamba kufala m'ma 1930, nde mukaona a mtanda paliponse ndiye kuti ndi yatsopano kapena wina anaisewera. Nunkhizaninso mkatimo, thabwa la zaka 100 ndi oyilo wakale sizinunkha guluu. Pomaliza kachikwangwani ka dzina ndi nambala, nambalayo imapezekanso yodindidwa pa zitsulo zamkati.

Maina oti mtima ugunde ndi awa. Pathé ya ku France, ya thabwa lokutidwa ndi chikopa chakuda, mabokosi a filimu ali pamwamba ndipo handulo ili kumbuyo osati pambali, imeneyi inali paliponse nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, ngakhale ku America. Debrie Parvo ya ku Paris ya 1908, yaing'ono, filimu yonse inkakhala mkati, zoyamba zathabwa zapambuyo zachitsulo. Za ku England kuli Moy & Bastie, Williamson, ndi Prestwich imene wojambula Frank Hurley anapita nayo ku Antarctica pa ulendo wa Shackleton wa 1914. Ku Germany kuli Ernemann ya ku Dresden. Mfumu yake ndi Bell & Howell 2709 ya ku Chicago ya 1912, yachitsulo yokhayokha, malenzi anayi pa mbale yozungulira kutsogolo, ndipo ndi imeneyi imene ili ndi zozungulira ziwiri pamwamba zimene mpaka lero anthu akafuna kujambula chizindikiro cha kanema amajambula zomwezo. Charlie Chaplin anagula yake mu 1918. Palinso ina imene inabadwa chifukwa cha Africa, ya Carl Akeley, munthu wa ku myuziyamu ku New York amene anapita ku Kenya cha m'ma 1910 kukajambula anthu a mtundu wa Nandi akusaka mkango ndi mikondo, kamera yake yathabwa inkachedwa kutembenuka moti zambiri zinamudutsa, atabwerera anapanga yakeyake yozungulira yotha kulondola chinthu chothamanga, ndipo inadzatchuka ndi ojambula nkhani ndi ndege.

Za Lumière musalote nkomwe. Zinapangidwa mazana ochepa okha ndi Jules Carpentier ku Paris, zambiri zotsala zili m'mamyuziyamu, ikatuluka imodzi ku okushoni ndi nkhani ya m'nyuzi, siingakhale pakona pa shopu ndi mtengo wosaopsa. Zathabwa zinazi zikakhala zathunthu ndi madola masauzande.

Tsono vanishi uja. Osonkhanitsa sagula kuwala, amagula chimene sichinakhudzidwe. Chikopa chothetheka, mkuwa wakuda, pamene chala cha wojambula chinadya utoto pafupi ndi handulo, dzina la situdiyo lolembedwa ndi penti wofufuma, zimenezo nde ndalamazo. Mukapala ndi sandipepa nkupaka vanishi nkupukuta mkuwa mpaka uwale mwachotsa umboni wonse woti ndi yakale ndipo mwaisandutsa ngati zabodza zija, mtengo umagwa pomwepo. Kabulashi kofewa kochotsera fumbi ndi kokwana. Ndipo funsani zonse zimene inabwera nazo, handulo yake yeniyeni, mabokosi a filimu, lenzi, chikwama, makamaka mapepala. Lisiti yakale, kalata, chithunzi cha mwini wake ataima nayo, ngakhale kapepala kodyedwa ndi njenjete, musataye. Makamera awiri ofanana ndendende, ina yodziwika amene ankaipukusa ndi kumene inapita, inayo yosadziwika, mitengo yake siyandikana. Ine pandekha ndikanasankha yosweka pakona koma ya mbiri kusiyana ndi yonyezimira yopanda mwini.

Mukadzabwera nayo kumudzi adani ake ndi chiswe, kufumbwa ndi chuku cha nthawi ya mvula chimene chimamera mpaka mkati mwa lenzi nkudya galasi. Osaiika pansi kapena kutsamiritsa khoma, osaitsekera m'pulasitiki, ikhale pamwamba pouma podutsa mpweya.

FUNSO: Ndine mphunzitsi, tikukonza sitolo yakale ya pa mishoni tapeza zitini zozungulira zadzimbiri muli mafilimu, zina zikununkha kwambiri ndipo imodzi yamatana. Ana amafuna azisewera nazo, ena akuti tingotentha. Titani? Wowerenga wa ku Chipata

YANKHO: Aphunzitsi, anawo achoke pamenepo lero lomwe ndipo moto usayandikire. Yezani kaye mulifupi mwa filimuyo. Ikakhala yopyapyala ngati chala chimodzi, 16mm kapena kucheperapo, mtima ukhale pansi, imeneyo kuyambira pachiyambi inkapangidwa yosayaka msanga, ndipo fungo likakhala la viniga ndiye kuti ikungowola, si yoopsa. Koma ikakhala ya 35mm, pafupifupi zala ziwiri, ndipo ndi ya chaka cha 1952 chisanafike, itengeni ngati nitrate. Yang'anani m'mphepete, ena analembamo NITRATE ena SAFETY, pakapanda kulembedwa kanthu muiyese yoopsa basi.

Nitrate ndi filimu imene makamera onse a 35mm tatchula pamwambawa ankadya. Imayaka moopsa, ikayaka imadzipangira yokha mpweya woyakira moti ngakhale muimize m'madzi imapitiriza, utsi wake ndi poizoni, ndipo ikayamba kuwola nkukhala pamalo otentha imatha kuyaka yokha popanda machesi. Kuwola kwake imayamba chikasu, kenako kumata, kenako matuza ndi fungo lobaya mphuno, pomaliza ufa wofiirira. Ku Paris mu May 1897 moto woyambira pa nyali ya pulojekita pa Bazar de la Charité unapha anthu oposa 120, ndipo mu 1937 nkhokwe ya mafilimu ya kampani ya Fox ku New Jersey inapsa yonse nthawi yotentha. Kafukufuku wa 2013 wa Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, anapeza kuti mwa mafilimu aatali osalankhula a ku America, 70 pa 100 alionse anatayikiratu. Nchifukwa chake kutentha ndikukana kawiri, koyamba mungavulale, kachiwiri mwina m'zitinimo muli zithunzi za anthu a kwanuko zimene kulibenso kwina.

Ikani zitinizo pamalo ozizira, kutali ndi kogona anthu ndi kukhitchini, yomatanayo payokha. Osayesa kuonetsa pa pulojekita, osatumiza pa positi, pa basi kapena pa ndege. Lembani zimene zalembedwa pa zitini, jambulani ndi foni, mulankhule ndi a National Archives of Zambia ku Lusaka. A ku Malawi amene angapeze zoterezi, National Archives ili ku Zomba.

FUNSO: Ndili ku Leeds ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndalama sizambiri koma zinthuzi zandilowa mumtima. Ndiyambire pati, ndipo kodi zimajambulabe kapena nzongoyang'ana? Wowerenga wa ku UK

YANKHO: Mayi, inu nde muli pabwino, Bradford ndi pakhomo panu pomwepo, kuli National Science and Media Museum, pitani mukaone ndi maso zinthu zenizeni musanatulutse ndi paundi imodzi yomwe. Mukadzapeza mpata wowoloka, Institut Lumière ku Lyon ndi Cinémathèque française ku Paris. Muzionanso makatalogu a okushoni ngati a Breker a ku Cologne, kuyang'ana nkwaulere ndipo m'menemo ndi mmene diso limaphunzirira.

Poyambira pa thumba lochepa ndi Pathé Baby ya 1923, kakamera kokwana m'dzanja kopukusa, ka filimu ya 9.5mm imene timabowo take tili pakati osati m'mbali. Tinapangidwa tambiri ndipo ku England timapezeka m'misika ya zakale ndi pa eBay pa mtengo woti munthu wa malipiro wamba nkukwanitsa, mungoonetsetsa kuti handulo ilipo chifukwa ndi imene imasowa kawirikawiri, ndipo ena anatimangirira mota ya sipuling'i pambuyo pake. Mukakulako pali Kinamo ya ku Dresden ya 1921, ndi Ciné-Kodak yoyamba ya 1923, bokosi lachitsulo la 16mm limene linkagulitsidwa pamodzi ndi miyendo, pulojekita ndi sikilini pa $335, ndalama yoopsa nthawi imeneyo. Bola imodzi yathunthu kusiyana ndi zisanu zoperewera, zipangizo zake sizigulitsidwa m'shopu.

Kujambula zimajambula. Mulibe waya woti nkupsa, zikatsukidwa ndi kuthiridwa oyilo ndi munthu wodziwa zimayenda. Mu 1995 pokumbukira zaka 100 za kanema, akatswiri a mafilimu pafupifupi 40 anapatsidwa Cinématographe yeniyeni kuti aliyense ajambule masekondi 52, ndipo mwa iwo munali Idrissa Ouedraogo ndi Gaston Kaboré a ku Burkina Faso. Kodak ikupangabe filimu ya 35mm ndi 16mm. Ya 9.5mm nde yovuta, imadalira timagulu ta okonda zimenezi, nde ngati cholinga nkujambula pitani ku 16mm, koma pogula filimu munene kuti mukufuna ya timabowo mbali zonse ziwiri chifukwa makamera akalewa ali ndi timano uku ndi uku, ya mbali imodzi aing'amba. Mpukutu wa mamita 30 ukupatsani mphindi 4 zokha mukamapukusa kawiri pa sekondi, ndipo mulipira katatu, kugula filimu, kutsukitsa ku labu, ndi kuisamutsira pa kompyuta kuti abale kumudzi aione pa WhatsApp.